Malonje a Pagalasi

Kwathu mlendo salankhula ali chiimire. Amayamba wakhala pamkeka, wamwa madzi, wapatsidwa moni ndi aliyense wa pakhomopo, kenako mwini khomo amati, "Timve malonje." Apo mlendo amafotokoza za kumene wachokera: amene ali bwino, amene akudwala, mvula, minda, maliro, ndi mmene wayendera panjira. Eni khomo amangovomera kuti "eya, eya," uku akuomba m'manja pang'onopang'ono, ndipo mlendo akamaliza nawonso amapereka awo. Amayi anga pa nkhani ya malonje sankaseka ndi munthu. Ngakhale ine mwana wawo, ndikachoka ku Zomba kumene ndinkagwira ntchito kupita kumudzi kwathu kufupi ndi Ulongwe, ankandikhazika pansi ngati ndachokera ku Joni. Ndikadumpha kanthu ankadziwa, ndipo ankandibweza kuti ndiyambirenso pamene ndadumphapo.

Koma malonje ovuta kuposa onse amene ndinaperekapo, ndinawapereka ndili chiimire, monong'ona, nditafulatira munthu amene ndinkamuuzayo. Kunali ku Doha, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale zaluso, imene Amalawi a kumeneko amangoti myuziyamu.

Achimwene anga, oyamba kubadwa m'banja mwathu, anali atatha zaka zinayi ku Qatar pa ntchito ya ulonda. Anayambira pamalo omanga nyumba, kenako pasitolo yaikulu, mpaka kampani yawo inawaika kumyuziyamuko. Banja lawo linatha asanapite, ana analibe, bambo athu anamwalira kale, choncho chimene chikanawakokera kumudzi anali amayi okha. M'zaka zinayizo sanabwereko ngakhale kamodzi.

Maso a amayi anayamba kuvuta achimwene atangopita. Tinkaganiza kuti ndi ng'ala, koma adokotala anapukusa mutu. Anati ng'ala amachotsa, koma matenda awa sabwerera m'mbuyo, mankhwala odontheza amangowachedwetsa. Diso lakumanzere linali litafa kale. Lakumanja linkatsekeka kuchokera m'mbali, moti amayi ankaona dziko ngati munthu wosuzumira m'bango. Anatiletsa tonse kuwauza achimwene. Ankati nkhani ya maso a munthu si ya pafoni, ndipo mwana ali yekha kudziko la eni suyenera kumugwetsera mwala pamutu iwe uli kutali. Ndikapita kumudzi ndi foni yanga achimwene n'kuimba ya kanema, amayi ankaiyandikiza kumphuno n'kufuula kuti, "Wanenepatu, mwana wanga!" Ine ndinkayang'ana kumbali, chifukwa ndinkadziwa kuti akuona kuwala kokha.

Ndiyeno tinamva kuti kontirakiti ya achimwene ithera pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo kampani yawapatsa kale pepala loti asaine zaka zina ziwiri. Pepalalo linkayenera kubwezedwa mwezi womwewo usanathe. Zaka ziwiri diso la amayi silikanadikira, zimenezo ndinkazidziwa popanda kufunsa adokotala.

Mwayi wake, mwezi umenewo chipatala chimene ndinkagwirako ntchito yoyeza magazi chinanditumiza ku India kukachita maphunziro a milungu iwiri, ndipo ndege yobwerera inkadzera ku Doha. Ndinapempha kuti ndikagoneko masiku awiri. Nditapita kukatsanzika, amayi anandipatsa botolo lalikulu la pulasitiki lodzaza mtedza wokazinga, n'kundituma zinthu ziwiri.

"Ukampatse malonje onse," anatero. "Ndipo ukamuyang'anitsitse, udzandiuze nkhope yake mmene ilili tsopano."

"Onse, amayi? Ndi a maso omwe?"

"Kodi malonje amadulidwa? Koma usakamuuze kuti abwere. Zimenezo adziwa yekha."

Mtedza uja unapita ku India, unakhala nane milungu iwiri m'chikwama, sindinadyeko ngakhale njere imodzi. Ndinatera ku Doha masana, kukutentha moti potuluka panja ndinaganiza kuti ndaima kumbuyo kwa basi yolira. Ndinapeza kachipinda m'kahotelo ka kudera la Al Doha Al Jadeeda, pamwamba pa sitolo ya mafoni ndi ya telala. Ndisanavule nsapato, uthenga wa achimwene unalowa.

"Chemwali, pepa. Off yanga aipanga cancel, mnzanga wadwala. Lero ndi mawa ndili pa duty mpaka seven. Ku camp akazi salowa, ndipo bus imatinyamula pa gate pomwepo. Mawa ubwere ku museum ngati visitor. Koma pa duty sitiloledwa kucheza ndi mavisitor, supervisor wathu ndi wovuta, makamera ali ponseponse. Uzidzangochita zimene ndikuuze. Mafi mushkila."

Mawu omalizawo ndi Chiarabu, akuti amatanthauza kuti palibe vuto. Ine vuto ndinkaliona. Ndege yanga inali ya mkuja m'mamawa, kutanthauza kuti ndinali ndi tsiku limodzi lokha, ndipo tsikulo anali atalipereka kwa anthu ena. Mtima wanga ndi wapachala, kwathu onse amadziwa. Ndinalemba yankho lalitali, lotukwana kampani, supavaiza, basi, mpaka mnzawo wodwalayo amene sanandilakwire kanthu. Nditaliwerenga ndinalifufuta, pokumbukira kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ndinangolemba kuti, "Chabwino, achimwene."

M'mawa mwake takisi inandisiya kumayambiriro kwa njira ya mitengo ya kanjedza yolowera kunyumbayo. Inali nyumba ya miyala yoyera, yoima m'mphepete mwa nyanja, yooneka ngati mabokosi osanjikizana. Ine sindinali munthu wa zaluso. Myuziyamu yokha imene ndinalowamo m'moyo wanga inali ya kwathu, tili ku pulayimale, ndipo chimene ndimakumbukira ndi sitima yakale ndi chikwapu cha aphunzitsi. Pakhomo anapima chikwama changa, napeza botolo la mtedza, nandiuza mwaulemu kuti zakudya sizilowa. Analisunga pa kauntala n'kundipatsa kachitsulo kozungulira kokhala ndi nambala. Ndinakafumbata m'manja n'kukwera masitepe.

M'zipinda zake munali mdima ndi kuzizira. Nyali zinkawalira zinthu zokha, chilichonse m'bokosi lake la galasi, anthu n'kumayenda ngati ali pamaliro a munthu wolemera. Achimwene anali atandilembera mndandanda wa zipinda zimene adzaimemo, chifukwa alonda ankasinthana pakatha theka la ola lililonse. Ndinawapeza m'chipinda cha zinthu za mkuwa, ataima pafupi ndi khomo, suti yakuda, manja kumbuyo, kawailesi m'chiuno. Ndinawazindikira ndi kaimidwe, phewa limodzi lotsika ngati la bambo athu. Mawondo anga anayamba okha kupinda.

"Usagwade," anatero osatsegula mano. "Pita apo. Yang'ana chinthucho."

Ndinapita. Chinthucho chinali chimbale cha mkuwa chozokotedwa timizere tambirimbiri, chimene akale ankawerengera nyenyezi. Ndinachiyang'ana ngati ndabwerera chimenecho kuchokera ku Malawi. Patapita kanthawi ndinamva nsapato zikuyandikira, n'kuima kumbuyo kwanga chakumanzere.

"Takulandira, chemwali. Mpando ndilibe, madzi ndilibe. Timve malonje."

Zaka zinayi, ndipo munthu uyu sanaiwale mmene amayi anatilerera. Ndinayamba monong'ona, ndikulankhula ndi chimbale cha mkuwa. Ndinati kumene tachokera kuli bwino pang'ono. Amayi aliko, akudzuka, akuyenda, apereka moni. Mvula inabwera mochedwa koma inakwana. Munda wa kudambo unabereka, wa kumtunda unakana. Pa mawu alionse ndinkamva "eya" wotsika kwambiri, ndiponso kaphokoso kena kamene poyamba sindinakadziwe, kakuti phwa, phwa, phwa. Anali achimwene akuomba m'manja kumbuyo kwa msana wawo.

Azungu awiri atalowa tinakhala chete. Anazungulira, anajambula, anawerenga timapepala tonse mpaka ine mtima kuwawa, kenako anatuluka. Ndinangopitirizako pang'ono, kawailesi kanalira, ndipo mlonda wina anabwera kudzawalandira. Achimwene anatuluka osandiyang'ana. Ndinawerenga mpaka makumi asanu monga anandiuzira, n'kuwatsatira.

Chipinda chachiwiri chinali cha makapeti. Ina inali yaikulu kuposa bwalo la pakhomo pathu, yofiira, yodzaza maluwa ndi timbalame, ndipo ndinadzifunsa kuti munthu amene anailuka ankadya nthawi yanji. Pamenepo ndi pamene ndinanena za mbuzi, kuti yaikazi ija inaswa awiri koma mmodzi anagwidwa ndi galu. Ndinanena za denga la khitchini limene linasasuka ndi mphepo, za amalume amene anafa ziwalo mbali imodzi koma pakamwa pali pomwepo, za maliro atatu a m'mudzi mwathu mwa ndondomeko yake. Pa maliro a mnzawo amene ankasewera naye mpira, kuomba m'manja kunaima kaye. Kenako anati "eya," ndipo ndinapitiriza. Gulu la ana a sukulu linatidyera mphindi khumi zathunthu, aphunzitsi awo akufotokoza duwa lililonse. Ndinawayang'ana ndi diso loti akanakhala a kwathu akanadziwa okha kuti achoke.

Pofika m'chipinda chachitatu, cha mbale ndi miphika, nkhani zonse zing'onozing'ono zinali zitandithera. Inatsala imodzi. Ndinaima patsogolo pa bokosi la pakati, lilime langa litalemera ngati mtondo. Achimwene anaganiza kuti ndamaliza, kapena kuti ndatengeka ndi chimene ndinkayang'ana.

"Wasankha bwino," ananong'ona, ndipo mawu awo anasintha, anafewa. "Imeneyo ndiye ndimaikonda mu building monse muno."

Inali mbale yoyera, yopanda maluwa, yokhala ndi zilembo zakuda zazitali kuzungulira m'mphepete. Anandiuza kuti akuti yatha zaka zoposa chikwi, ndipo zolembedwazo ndi mwambi. Anati ndiyang'anitsitse, ndiona timizere tobisika. Mbaleyo inasweka zidutswa khumi ndi zitatu, anaziwerenga okha, ndipo munthu wina anakhala pansi n'kuzilumikiza chimodzichimodzi mpaka inabwerera. Anati miyendo ikayamba kuwawa masana, amayang'ana mbale imeneyi n'kumatsata timizereto ndi maso, nthawi n'kumapita. Sindinawamvepo achimwene akulankhula choncho za chinthu chilichonse, ngakhale za mkazi amene anamukwatira.

"Ndikasaina two years imeneyi," anatero, "inshallah andipanga permanent pa floor ino."

Apo magazi anandikwera kumutu. Sindinaganize. Ndinamenya galasilo ndi chikhato, phaa, n'kutembenuka theka.

"Mbale! Achimwene, mbale imeneyi ndi imene inakuberekani?"

Mawu anga anamveka chipinda chonse. Pakhomo panali pataima bambo wina wa suti yotuwa, kabuku m'manja, ndipo sindinafunikire kuuzidwa kuti ameneyo ndiye supavaiza. Achimwene anabwera kutsogolo, dzanja limodzi atalitambasula pakati pa ine ndi galasi, maso awo ali pamwamba pa mutu wanga ngati sandidziwa.

"Madam, please, no touching."

Madamu. Ine amene anandibereka kumsana powoloka mtsinje popita kusukulu, ine amene ankandipukuta mamina ndi malaya awo. Ndinatuluka m'chipindamo, kudutsa supavaiza uja amene anandigwedezera mutu mwaulemu, n'kutsika masitepe osaona pamene ndikuponda.

Pansi pali zenera lalitali loyang'ana kunyanja, ndi mipando. Ndinakhala pamenepo n'kulira, misozi ya mkwiyo, imene imatentha. Kutsidya kwa madzi kunali nyumba zazitali zagalasi, pamadzipo timabwato tamatabwa. Ndinalumbira mumtima kuti ndikutenga mtedza wanga, ndibwerere kuhotelo, asaine zaka khumi ngati akufuna, adzakwatire mbale yawoyo. Ndinakhala choncho pafupifupi ola lathunthu.

Chimene chinandiziziritsa mtima anali alonda. Kuchokera pamene ndinakhala ndinkaona angapo, wina pamasitepe, wina pakhomo, wina pafupi ndi chikepe. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakhala pansi. Wina ankasinthanitsa miyendo mobisa, kutsamira uwu, kenako uwo, ngati nkhuku pa mchenga wotentha. Ndinayamba kuwerengera maola amene achimwene anaima chiimire m'zaka zimenezo, ndipo ndinachita manyazi. Munthu woima tsiku lonse m'chipinda chopanda zenera, osaloledwa kulankhula, akapeza chinthu chimodzi chokongola choti aziyang'ana, ndani ine kuti ndimunyoze? Ndipo akanapanda kunditchula madamu, supavaiza uja akanadziwa kuti mayi wamisala womenya magalasiyu ndi mlongo wawo, ntchito n'kuthera pomwepo. Choipa koposa, ndinali nditawakalipira chifukwa cha nkhani imene sindinawauze n'komwe. Mlendo ndi mame, ndipo ine ndinali nditataya ola lonse ndikufufuma pampando.

Ndinasamba kumaso n'kukweranso. Mndandanda wa zipinda unali utasokonekera, choncho ndinayenda chipinda ndi chipinda kuwafunafuna. M'kuyenda kumeneko ndi mmene ndinayamba kuona zinthuzo ndi maso anga. Panali mipeni ya zigwiriro za miyala yonyezimira, zitseko zosemedwa, mitsuko yabuluu. Ndinaima nthawi yaitali pa tsamba lina la buku lolembedwa pamanja, laling'ono ngati chikhato changa, zilembo zake ngati nyerere, m'mphepete muli golide. Ndinaganiza za munthu amene analilemba, kuti maso ake anamufikitsa pati, ndipo atayamba kuchita mdima ndani anamuuza mwana wake.

Ndinawapeza m'chipinda cha nyali zagalasi, chamdima kuposa zonse. Munalibe munthu wina. Ndinasankha bokosi la pakona, mmene munali nyali yaikulu yokhala ndi zilembo zabuluu ndi zofiira, n'kuimirira manja nditawapinda pachifuwa kuti asalakwenso. Nsapato zija zinabwera.

"Pepani, achimwene."

"Iwe sunasinthe," anatero. "Ukanaswa, tikanagulitsa mudzi wonse ndi amalume omwe. Yalla, tiye, malizitsa. Ndikudziwa kuti sunamalize."

Chifukwa cha mdimawo, galasi la bokosilo linkaonetsa ngati kalilole. Nditakweza maso pang'ono ndinaona nkhope yawo ili pamwamba pa phewa langa, yosakanikirana ndi zilembo za nyali ija. Ndinalankhula ndi nkhope imeneyo. Ndinanena zonse mwa ndondomeko, monga amayi akanafunira: mmene anayambira kugunda ndowa pakhomo, tsiku limene anathira mchere mu tiyi, ulendo wa kuchipatala, mawu a adokotala, diso lakumanzere, bango la diso lakumanja. Ndinanenanso kuti pafoni paja samawaona. Panalibe "eya," panalibe kuomba m'manja. Nkhope ya pagalasi ija sinagwedezeke.

Nthawi yomweyo bambo wina wachikulire analowa n'kufunsa njira ya kuchimbudzi. Achimwene anatembenuka, namulozera ndi dzanja lonse, namuyankha m'Chingelezi ndi mawu osalala ngati palibe chimene chachitika. Bamboyo atapita anabwerera pamalo pawo.

"Ndinkadziwa kuti pali chinachake," anatero. "Tsiku lina ndinaimba, iwe unali kukhitchini. Camera yanga inali itayang'ana kudenga, ine osadziwa. Amayi anati, wanenepatu mwana wanga. Ndinadziuza kuti ndi network."

Kenako anafunsa, "Atuma kuti ndibwere?"

"Ayi. Ati mudziwa nokha."

Ndinamva akupuma mwamphamvu m'mphuno, monga ankachitira bambo athu akamanyamula thumba.

"Khalas, zatha. Sindisaina. Koma seven months imeneyi sindingaidumphe, chemwali. Passport ili ku office, ndipo popanda exit permit sungatuluke m'dziko muno. Ndiyesa kuapplya leave, koma ndikuwadziwa. Disolo lidikira?"

"Sindikudziwa, achimwene."

Malonje awo anali aafupi, chifukwa theka la ola linali kutha. Anati kuno tili bwino. M'chipinda timagona anthu asanu ndi atatu, Amalawi atatu. Tikudya, ngakhale ndi mpunga tsiku lililonse. Miyendo imatupa madzulo koma m'mawa imaphwa. Ukawauze amayi kuti mwana wawo wamva. Ine ndinavomera kuti "eya, eya," ndikuomba zala ziwiri pachikhato. Kawailesi katalira, ndinagwetsa dala kachitsulo ka nambala kaja pansi, ndipo ndinaona pagalasi nsapato yawo ikukaponda.

"Mtedza wa amayi uli pa kauntala," ndinatero.

"Pita bwino. Usacheuke, wabweranso supervisor uja."

Sindinacheuke. Ndinatuluka m'nyumbamo osawagwira ngakhale dzanja. Madzulo ake ananditumizira uthenga woti mtedza wafika, ndipo anthu asanu ndi atatu aumaliza asanavule nsapato.

Nditafika kumudzi amayi anandikhazika pamkeka, anandipatsa madzi, nafunsa malonje. Ndinayambira ku India, ndinafika ku Doha, ndinanena za kanjedza, za makapeti, ngakhale za galasi limene ndinamenya, ndipo apo anaseka mpaka kutsokomola. Nditanena kuti achimwene sasaina, anangosalaza mkeka ndi dzanja. Kenako anafunsa chimene ndinkachiopa.

"Nanga nkhope yake?"

Apo ndi pamene ndinazindikira kukula kwa kulephera kwanga. Mbale yoyera ija ndikanatha kuifotokoza mzere ndi mzere. Kapeti ndikanawerenga mbalame zake. Koma munthu amene ananditumira kukamuona ndinali nditamufulatira tsiku lonse.

"Ndinawaona pagalasi, amayi, mumdima. Masaya alowa pang'ono. Ndevu amameta. Maso ndi omwe aja."

"Basi?"

"Basi."

Anagwedeza mutu, osandidzudzula, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa.

Tchuthi chimene achimwene anapempha sichinaperekedwe. Tinayamba kuwerenga miyezi. Amayi sanaphonyepo mankhwala ngakhale tsiku limodzi, ndipo anasamutsa mkeka wawo kuti uziyang'ana kukhomo, kumene kumachokera kuwala. Mwezi wachitatu ankandizindikirabe ndikaima pafupi. Mwezi wachisanu anandifunsa kuti ndine yani, nditavala chitenje chimene anandigulira okha. Sindinawabisire achimwene, ndinawauza pafoni pomwepo, chifukwa lamulo lija linali litatha ntchito. Anangoyankha kuti, "Eya."

Anafika mwezi wachisanu ndi chitatu, masana dzuwa lili pamutu. Ine ndinali nditapita kumudzi kukawadikira. Anatsika panjinga ya kabaza ndi chikwama chimodzi, anayenda mpaka pakhomo, n'kuima pamenepo, akutchinga kuwala.

"Ndikuona mthunzi," amayi anatero. "Wautali."

Ndinathamangira madzi, poti mlendo salankhula asanamwe. Pobwera ndi kapu ndinapeza achimwene atagwada pamkeka, ndipo amayi, amene moyo wawo wonse sanalolepo munthu kudumpha ndondomeko, sanadikire madzi, moni, kapena malonje. Manja awo onse awiri anali pankhope ya achimwene. Anayambira pachibwano, anakwera m'masaya, anazungulira maso, anatsata mphuno, pang'onopang'ono ngati munthu wosankha mpunga. Achimwene anali atatsinzina, misozi ikudutsa pakati pa zala za amayi. Ine pakamwa panga simundidziwa. Kuti ndisalire ndinati, "Madam, please, no touching."

Achimwene anaphulika kuseka, kuseka kosakanikirana ndi kulira, mapewa akugwedezeka. Amayi anafunsa kuti ndikuti chiyani, ndinati palibe, ndi Chingelezi cha ku Doha. Manja awo anapitiriza, anadutsa pamphumi, analowa m'tsitsi, n'kukafika paliwombo. Pamenepo anaima. Anasisita kamodzi, anasisitanso, ndipo nkhope yawo inasintha.

"Iwe," anatero akulozetsa mawu kumene ndinaima, dzanja lili pamutu pomwepo. "Malonje ako anali operewera. Dazi la bambo ako ili sunandiuze."

Ndinasuzumira. Linalipodi, lozungulira, losalala, pamalo enieni pamene panali la bambo athu, pamene galasi silikanandionetsa. Amayi sanachotsepo dzanja. Ndinakhala chiimire pambali pawo, madzi a mlendo ali m'manja mwanga, mpaka anafunda.